Makalata a Omvera: Ukwati Wopanda Ankhoswe

Moni nonse kumene muli, kaya mukupakula nsima, kaya mwapanikizana m'minibasi kubwerera kunyumba. Yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata yatha tinali ndi mlendo muno amene anakamba za mapangano a mayiko oteteza ufulu wa amayi, ndipo zikuoneka kuti anaponda pachilonda, chifukwa makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp angoti mbwee patebulo pano. Onse sindiwatha lero. Ndiyamba ndi iyi, yolembedwa mbali zonse ziwiri papepala lothothola m'kope la mwana wasukulu. Yachokera kwa mayi Nabanda a m'boma la Dowa.

"Achemwali, ndine mayi wa ana anayi. Amuna anga anatisiya mwezi wa Juni chaka chatha atadwala masiku ochepa. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, kuno ndinabwera pachitengwa zaka 16 zapitazo. Nyumba tinamanga tonse. Njerwa ndinkaumba nawo, madzi ndinkatunga ndine, malata 24 tinagula ndi ndalama za soya wa zaka ziwiri. Tisanamete n'komwe, akulu awo a malemu anabwera ndi ngolo, ati akukasunga katundu kuopa akuba. Anapakira njinga, makina osokera, matilesi ndi matumba 11 a chimanga. Titameta anandiuza kuti andisudzula, ndizipita kwathu, koma ana aakulu awiri atsale. Pano akuti ndikachedwa adzasasula malata ndili momwemo. Ndinakadandaula kwa amfumu, koma amfumuwo ndi atsibweni a malemu omwewo. Mlendo wanu uja ankati Malawi inasaina mapangano oteteza amayi amasiye. Ndiye ndimati ndifunse, mapanganowo amasungidwa ku ofesi iti, kuti ndikawatenge ndidzawaonetse alamu angawa?"

Pepani kwambiri mayi anga, pepani ndi zonse. Zakuti amfumu ndi atsibweni a malemu zandikumbutsa mawu a akulu aja, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma mlandu wanuwu suthera pabwalo la amfumu, ndipo pepala loti mukawaonetse alamu anu lilipo, silili kunja ayi, lili konkuno. Ndi lamulo la chuma cha masiye limene aphungu athu anakhazikitsa m'chaka cha 2011. Lamuloli likuti munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa pachuma chake ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana. Likutinso katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo. Matilesi aja sanayenere kukwera ngolo. Ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi, wopezeka wolakwa angathe kukakhala kundende mpaka zaka 10. Choncho pitani kupolisi, funsani ofesi ya Victim Support Unit, mukalembetse zonse zimene zinatengedwa, chimodzichimodzi monga mwandilembera inemu. Kenako pitani kwa DC. Ngati nkhani ifika kukhoti ndipo mulibe ndalama ya loya, kuli a Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi yomweyo.

Tsono mapangano aja akulowa pati? Akulowa apa. Pangano la Maputo, la mayiko a mu Africa loteteza ufulu wa amayi, limene Malawi inavomereza m'chaka cha 2005, lili ndi ndime ziwiri zimene zikuchita ngati zinalembedwa wina atawerenga kalata yanuyi. Ndime 20 ikuti mkazi wamasiye asachitidwe zomunyazitsa, ndipo ana amakhala m'manja mwake kupatula ngati kutero kungawapweteke anawo. Ndime 21 ikuti wamasiye ali ndi gawo pachuma cha mwamuna wake ndipo ali ndi ufulu wopitiriza kukhala m'nyumba ya banja lawo. Boma likavomereza pangano lotere limakhala ladzimangirira lokha kuti likonza malamulo ake. Lamulo la 2011 lija silinagwe kumwamba. Amayi ambiri analimenyera nkhondo kwa zaka, ndipo chimodzi mwa zida zawo chinali kuuza boma kuti, mesa munalonjeza nokha pamaso pa anzanu?

Koma pali khomo limodzi limene boma lathu silinatsegulebe, ndipo n'chifukwa chake ndayamba ndi kalata yanu. Pangano lalikulu la United Nations lothetsa tsankho kwa amayi, limene ambiri amangoliti CEDAW, linakhazikitsidwa mu Disembala 1979, ndipo Malawi inalowamo mu 1987. Patapita zaka 20 chikhazikitsireni, mu 1999, mayiko anawonjezerapo kapangano kena kakang'ono. Kameneka kakuti mayi amene wayenda m'makhoti onse a dziko lake koma chilungamo osachipeza, angathe kulemba yekha dandaulo lake ku komiti ya akatswiri 23 imene imakumana ku Geneva. Malawi inasaina kapanganoka mu Sepitembala 2000. Kusaina kokha. Kuvomereza ayi.

Ena mukuti kodi kusaina ndi kuvomereza si chimodzimodzi? Ayi ndithu. Kusaina kuli ngati kutomera: mnyamata wapereka chikole, anthu aona, koma akhoza kukhala zaka osabweranso. Kuvomereza ndiye chinkhoswe. Ndipo ine ndimakaona kapangano ka 1999 kaja ngati ankhoswe enieniwo. Ukwati wa CEDAW tinalowamo kalekale, malonjezo tinapereka okoma, koma mkazi zikamuthina m'nyumbamo alibe khomo loti akagogode yekha. Boma limapita ku Geneva kukapereka lipoti la mmene banja likuyendera, mwini kulira atatsala kumudzi.

Kuti muone kuti si nkhambakamwa, tamvani za anzathu a ku Tanzania, amene anavomereza. Amayi awiri amasiye kumeneko anathamangitsidwa m'nyumba ndi abale a amuna awo, potsata malamulo a chikhalidwe amene salola mkazi kulowa chuma cha mwamuna wake. Anapita kukhoti lalikulu. Khotilo linavomera kuti malamulowo ndi atsankho, koma linakana kuwafafaniza. Anachita apilo, nkhani n'kungogona m'mafayilo zaka ndi zaka. Atatopa anakagogoda ku komiti ija, ndipo mu 2015 komitiyo inanena poyera kuti dziko la Tanzania lawalakwira, liwapepese ndi chipukuta misozi ndiponso lisinthe malamulowo. Ndisakunamizeni, komitiyi ilibe apolisi, singabwere ku Dowa kudzatsitsa njinga pangolo. Mphamvu yake ndi manyazi amene boma limachita likatchulidwa dzina pagulu la mayiko, komanso chigamulo chimene maloya ndi aphungu amachinyamula n'kumakumbutsa nacho boma chaka ndi chaka. Ankhoswe nawonso sakhala ndi ndende, koma banja lokhala ndi ankhoswe ndi lopanda ankhoswe timalidziwa kusiyana kwake.

Tipite kwa bambo Mbewe a ku Nathenje. Awa alemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, ndiye ndiwerenga mokweza pang'ono.

"Mayi, ine ndimakonda pulogalamu yanu koma sabata yatha munandikhumudwitsa. Mapangano amenewa ndi a azungu. Amatipatsa ndalama kenako n'kutigwira dzanja kuti tisaine. Makolo athu ankasunga mabanja popanda mapepala a ku Geneva. Lero akazi sakumva, ana sakumva, ukangoyankhula pang'ono akuti ufulu. Mawa adzabwera ndi pangano loti nsima aziphika ndi abambo. Dziko lililonse lili ndi mwambo wake, atisiye."

Bambo Mbewe, zikomo pomvera, ndipo nsima ya abambo ena imakoma kwabasi, koma tisalowe kumeneko. Tiyeni tione kaye ngati mapanganowa alidi a azungu. Dziko la America linasaina CEDAW mu 1980, nthawi ya pulezidenti Jimmy Carter, ndipo mpaka lero nyumba yawo ya Senate sinavomereze. Ali m'kagulu kochepa kwambiri ka mayiko otsalira, limodzi ndi Iran ndi Somalia, pamene mayiko 189 analowamo. Ndiye ngati ndi katundu wa azungu, mwini wamkulu wa ndalama uja bwanji sanamugule?

Pangano la Maputo ndiye musalinamizire n'komwe mzungu. Linavomerezedwa ndi atsogoleri a mayiko a mu Africa pa 11 Julaye 2003, mumzinda wa Maputo, kwa aneba athu konkuno. Linafunika mayiko 15 kuti liyambe kugwira ntchito, ndipo Malawi inali m'gulu la 15 oyambawo. Linayamba kugwira ntchito pa 25 Novembala 2005. Mukaliwerenga mumamva fungo la kwathu kuno. Tengani nkhani ya mitala. Panganoli likuti banja la mkazi mmodzi ndilo likulimbikitsidwa, koma silinathere pomwepo, likutinso ufulu wa amayi amene ali pamitala utetezedwe. Wolemba zimenezo ndi munthu woti anaonapo mkazi wamng'ono akuthamangitsidwa pamaliro. Mukapita ku Arusha, kukhoti la Africa loona za ufulu wa anthu, kumeneko mu 2018 anagamula kuti dziko la Mali linaphwanya pangano lomweli polola atsikana kukwatiwa ali ndi zaka 16. Oweruza ake ndi a mu Africa okhaokha, ndipo mayi wa ku Malawi, Justice Tujilane Chizumila, anasankhidwa kukhala woweruza pakhoti limenelo mu 2017.

Mawu anu akuti atisiye ndi mwambo wathu si achilendo. Boma la Kamuzu linanenapo zomwezo. Polowa mu CEDAW mu 1987 linaikapo chenjezo lakuti miyambo ina ya Amalawi inazika mizu kwambiri, choncho silidzimangirira kuithetsa msangamsanga. Koma mu 1991 boma lomwelo, Ngwazi ikadali pampando, linachotsa chenjezolo. Akuluakulu mukukumbuka kuti Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani ya amayi onse, mbumba zake. Mukukumbukanso kuti pansi pa nkhoswe yomweyo, kuyambira 1973 mpaka 1993, mayi ankatha kumangidwa chifukwa chovala thalauzi. Ndi mmene zimakhalira nkhoswe ikakhala imodzi yokha, yomwenso ndi mwini mudzi.

Komabe pali pamene mwalasa, bambo. Mapanganowa afika kwa anthu moipa. Amakambidwa m'Chingerezi, m'mahotela a kunyanja, anthu n'kulandira ma alawansi, n'kubwerako ndi matisheti. Kumudzi kumangofika liwu limodzi lokha lakuti ufulu, lopanda mutu wake ndi mchira wake, ndiye mkulu ngati inu mukalimva kuchokera pakamwa pa mwana wamwano mumati ndi zomwezo. Pamenepo olakwa ndi onyamula uthenga. Koma onani zimene anachita Inkosi Theresa Kachindamoto ku Dedza. Sanatenge mwambo n'kuutaya kudzala. Anatenga mphamvu ya ufumu yomweyo, n'kuthetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankaloleza, ana n'kubwerera kusukulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, mpaka aphungu anatseka mpatawo mu Febuluwale 2017. Ndime 6 ya Maputo inali itanena kale zaka 18 kuyambira 2003. Ndikufunseni bambo Mbewe, mdzukulu wanu wa Sitandade 7 akabwera ndi bambo wa ndevu kuti ndi mwamuna wake, mudzaitana mwambo kapena lamulo?

Uthenga wotsatira ndi waufupi, wachokera kwa abusa ena a ku Mulanje amene apempha kuti ndisawatchule.

"Mayi, musabise. Pangano la Maputo lili ndi ndime yololeza kuchotsa mimba. N'chifukwa chake ife a mipingo timachenjera ndi mapangano onsewa."

Abusa, sindibisa. Ndimeyo ilipo, ndi ndime 14. Ikuti mayiko alole kuchotsa pakati kuchipatala ngati mayi wagwiriridwa, ngati pakatipo ndi pa wachibale, kapena ngati pakuika pachiswe moyo kapena thanzi la mayiyo, kapena moyo wa mwana ali m'mimbayo. Mayiko ena monga Kenya ndi Uganda anavomereza panganoli koma n'kuikapo chenjezo pandime imeneyi. Kuno kwathu gawo 211 la malamulo aakulu a dziko likuti pangano la kunja limene talowamo m'nthawi ya malamulo amenewa limasanduka lamulo la dziko pokhapokha Nyumba ya Malamulo itatero. Ndipo mukukumbuka kuti mu 2021 aphungu anakana kukambirana bilu ya nkhani imeneyi. Mtsutso umenewo ndi wathu, udzathera ku Lilongwe, ndipo muno tidzauitanira tsiku lake, inu abusa mudzakhale mbali ina, anamwino amene amalandira atsikana otaya magazi usiku adzakhale mbali ina. Chimene ndikukana n'chakuti chifukwa cha ndime imodzi tiwauze mayi Nabanda kuti ndime 20 ndi 21 nazonso zipite. Kapangano ka 1999 kamene ndikuti tivomereze sikabweretsa ufulu watsopano ngakhale umodzi. Kamangotsegula khomo lodandaulira pa zimene tinalonjeza kale mu 1987.

Iyi yachokera kutali, ku Johannesburg. Ndi mawu ojambula pa WhatsApp, ndawalemba papepala kuti mawu a mwini wake asadziwike.

"Anti, ine ndimakumverani pa intaneti. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni, chaka chachitatu tsopano. Ndimagona konko, kachipinda ka kuseri. Madamu akachoka, abwana aamuna amabwera kukhitchini n'kumandigwiragwira ndikutsuka mbale. Ndikakana amati ukudziwa kuti pasipoti yako inatha masiku? Usiku ndimatsekera chitseko ndi mpando. Kumudzi ana awiri ndi amayi anga akudalira ineyo. Kodi mapangano mukunenawo amatiwerengera ife a m'makhitchini a eni?"

Mwana wanga, amakuwerengerani, ndipo dziko limene mulilo linavomereza awiri okhudza inuyo ndendende. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linakhazikitsa pangano nambala 189 la antchito a m'nyumba mu 2011, South Africa n'kulivomereza mu 2013. Mu 2019 linakhazikitsanso nambala 190, lothana ndi nkhanza ndi kuzunza anthu pantchito, South Africa n'kulivomereza mu 2021. La 190 ndimalikonda chifukwa silinangoona za mu ofesi. Likuwerengera waganyu, wogulitsa mumsika, wofunsira ntchito, ndipo malo a ntchito likuti ndi kuphatikizapo nyumba imene bwana wakupatsa kuti uzigonamo. Kachipinda kotsekera ndi mpando kaja kali m'panganomo.

Makhoti a kumeneko akhala akusuntha. Mayi wina wantchito ya m'nyumba, Maria Mahlangu, anamira m'dziwe losambira la abwana ake mu 2012, banja lake n'kuuzidwa kuti antchito a m'nyumba sapatsidwa chipukuta misozi cha ngozi za pantchito. Mwana wake anamenya nkhondo mpaka khoti lalikulu la malamulo a dzikolo linagamula mu Novembala 2020 kuti kuwapatula kumeneko n'kulakwa. Makhoti omwewo ananenanso kale kuti munthu wogwira ntchito wopanda mapepala ndi wantchitobe pamaso pa malamulo a ntchito, ndipo ofesi ya CCMA, yoweruza mikangano ya pantchito, ingathe kumva dandaulo lake. Sindikuti nkhani ya pasipoti ilibe vuto, ili nalo, ndipo abwanawo akudziwa kuti ndi pamene pali mantha anu. N'chifukwa chake musayende nokha. Fufuzani bungwe la antchito a m'nyumba kapena maloya othandiza anthu obwera mwaulere, alipo mumzindamo, muyambe mwafunsa kwa iwo musanapite kwina kulikonse. Lembani tsiku ndi nthawi iliyonse imene zachitika, mauthenga a pafoni musafufute, ndipo pasipotiyo, yakutha yomweyo, isakhale m'manja mwa abwana. Uzaniko mnzanu mmodzi wodalirika wa kutchalitchi kapena wa kumudzi kwanu kuti adziwe kumene mukugona.

Ndipo tisamaloze ku Joni kokha. Zomwezi zikuchitika ku Area 47, ku Namiwawa, m'minda ya tiyi ndi ya fodya. Lamulo lathu la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linaika kale kuti kuzunza munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu wa zaka zisanu kundende. Mabungwe a anthu apantchito akhala akulikakamiza boma kuti livomereze pangano la 190, ndipo ine ndili nawo limodzi, chifukwa mtsikana wa m'nyumba amene amalandira malipiro m'manja, wopanda kalata ya ntchito, ndiye amene malamulo athu amamudumpha kawirikawiri.

Kamphindi katsala, ndiwerenge ka mtsikana wa Fomu 4 wa ku Zomba. Akuti, "Anti, amene amavomereza mapanganowa ndani kwenikweni, ndipo ife tingatani?" Funso la mayeso ndithu limeneli. Gawo 89 la malamulo aakulu a dziko limapereka mphamvu yokambirana, kusaina ndi kulowa m'mapangano a mayiko kwa Pulezidenti, ndipo iye angathe kutuma nduna. Zikalata zake zimadzera ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, mothandizana ndi unduna wa zachilungamo ndi woona za amayi. Aphungu ntchito yawo ndi kufunsa nduna m'Nyumba ya Malamulo ndi kusandutsa panganolo kukhala lamulo. Ndiye phungu wanu akadzabwera kudzapereka mpira ndi mayunifolomu, imikani dzanja mumufunse kuti kapangano kamene Malawi inasaina mu Sepitembala 2000, inu musanabadwe, kakudikira chiyani. Akadzayankha mudzatilembere, tidzawerenga muno. Mu Febuluwale 2025 atsogoleri a African Union anakhazikitsanso pangano lina ku Addis Ababa, lothetsa nkhanza kwa amayi ndi atsikana, ndipo nalonso likufuna mayiko olivomereza. Limenelo tidzalitambasula sabata ina.

Mayi Nabanda, ndibwerere kwa inu ndisanatseke. Popita kupolisi musapite chimanjamanja. Tengani chikalata cha imfa ya amuna anu ngati munapatsidwa, makadi a kusikelo kapena a kusukulu a ana onse anayi, ndi lisiti lililonse la malata aja ngati lilipo penapake m'chikwama. Ngati palibe, amene anakugulitsani ndi mmisiri amene anakhoma dengalo ndi mboni. Ankhoswe a ukwati wanu, a mbali yanu ya ku Ntchisi, atumizireni uthenga lero lomwe abwere. Ndipo m'nyumbamo musatuluke. Nambala imene mwalemba pansi pa kalatayi ndiyimba tikangotuluka muno mu situdiyo, foniyo ikhale yotchaja.

Bambo Mbewe, ndikudziwa kuti muyankha, ndipo ndikudikira. A ku Chipata ndi a ku Tete amene makalata anu sindinawafike, ali pamwamba pa mulu wa sabata ya mawa. Tsalani bwino, nkhani za madzulo zikubwera pompano.